Ndani akuwadziwa a The Chords, anyamata a "Sh-Boom"? Anathera kuti?

Make Tadala, Chibavi

Moni nonse. Funso langa ndi la nyimbo zamakedzana, ndiye akuluakulu amene munakula ndi galamafoni mundithandize. Mwana wanga wa sitandade 2 wakakamira katuni ija ya magalimoto olankhula, Cars, moti magetsi akangoyaka ndiye yomweyo. Pali pena pamene mababu a m'katauni kawo akuyaka usiku, magalimoto n'kumayenda pang'onopang'ono mumsewu, ndipo pamenepo pakulira nyimbo ya amuna okhaokha. Ine ndimaimba alito m'kwaya ya kutchalitchi kwathu, choncho khutu langa linagwera pa wa besi. Amalowa yekha pakati pa nyimbo, anzake akumuyalira mawu, kenako sakisofoni n'kulanda. Ndi yokoma zedi.

Nditafufuza pafoni ndapeza kuti ndi "Sh-Boom" ya The Chords, ya 1954. Koma pa YouTube pakubweranso azungu anayi, The Crew-Cuts, akuimba yomweyo. Eni ake enieni ndi ati? Nanga anthu oimba bwino chonchi zingatheke bwanji kutchuka ndi nyimbo imodzi yokha n'kuzimiririka?

Mphunzitsi Wopuma, Katoto

Mayi, mwafika pakhomo poyenera. Nyimbo ndi ya The Chords, ndipo anaipeka okha. Anali anyamata asanu akuda a ku Bronx, mumzinda wa New York: Carl Feaster wotsogolera, m'bale wake Claude Feaster, Jimmy Keyes, Floyd McRae amene ankamutcha Buddy, ndi wa besi amene wakugwirani mtimayo, William Edwards. Piyano ankawaimbira Rupert Branker, yemwe pambuyo pake anakaimbira The Platters. Anayamba cha m'ma 1951, kumangoimba m'misewu ndi m'makona a kwawo popanda zida. Nthawi imeneyo nyimbo zotere zinkangotchedwa rhythm and blues. Dzina loti doo-wop linadzafala pambuyo pake.

Mu Malichi 1954 anajambula ku kampani ya Atlantic, yomwe inatulutsa mbale yawo pansi pa kanthambi kake katsopano kotchedwa Cat. Achinyamata a masiku ano mumvetse: mbale inkakhala ndi nyimbo ziwiri basi, ina kumaso, ina kumsana. Akampani anaika kumaso "Cross Over the Bridge", nyimbo imene Patti Page anali atatchuka nayo kale, ndipo ya anyamatawo anaikankhira kumsana. Oulutsa mawu pa wailesi ndi amene anatembenuza mbale. Inakwera mpaka nambala 2 pa mndandanda wa rhythm and blues wa magazini ya Billboard, n'kulowanso m'gulu la nyimbo khumi zapamwamba pa mndandanda waukulu umene unkadzaza ndi oimba achizungu. Kwa gulu la anthu akuda la kukampani yaing'ono, zimenezo zinali zosowa kwambiri chaka chimenecho. Sakisofoni mwaimvayo ndi ya Sam Taylor.

Tsopano poipa ndi apa. Kampani yaikulu ya Mercury itaona kuti pali ndalama inatenga The Crew-Cuts, anyamata a ku Toronto m'dziko la Canada, n'kuwajambulitsa nyimbo yomweyo ndi bandi yaikulu, yosalala, yoti mawailesi a azungu asaiope. Imeneyo ndiyo inakhala nambala 1 kwa masabata 9. Ili mkamwa choncho, kunatulukira kuti dzina loti Chords linali kale ndi eni ake, gulu lina. Anyamata athu anakakamizika kusintha, n'kukhala The Chordcats, kenako The Sh-Booms. Nyimbo yotsatira, "Zippity-Zum", sinapite patali. Ena anachoka, ena n'kulowa, ndipo pomafika 1960 nkhani inali itazilala.

Mukandifunsa ine, anaphedwa ndi tsankho. Analima ndi iwo, wokolola n'kukhala wina, chifukwa cha khungu basi. The Crew-Cuts omwewo mu 1955 anachitanso chimodzimodzi ndi "Earth Angel" ya The Penguins a ku Los Angeles.

Achimwene a Situdiyo, Luwinga

Aphunzitsi, mbiri mwaiyala bwino ndipo za tsankho sindikutsutsa, zinaliko. Koma ndiloleni ndisiyane nanu pang'ono, poti ine ndimadya za kujambula nyimbo.

Mwanena nokha kuti anapeka ndi iwo. Maina awo asanu ndi amene analembedwa ngati eni nyimbo. Lamulo la ku America la 1909 linkalola aliyense kujambula nyimbo imene yatuluka kale, bola alipire masenti 2 pa mbale iliyonse kwa amene ali ndi umwini wa nyimboyo. Ndiye pa pepala, mbale iliyonse ya Crew-Cuts inkayenera kugwetserako kangachepe kumbali ya opeka, atadyapo kaye osindikiza. Amene analira kwenikweni ndi ngati LaVern Baker, wa ku Atlantic komweko. "Tweedle Dee" sanapeke ndi iye, ndiye Georgia Gibbs wa ku Mercury atatengera kaimbidwe kake konse mu 1955, mayiyo analibe pogwira. Anafika podandaula kwa phungu wa nyumba ya malamulo, Charles Diggs, kuti lamulo liziteteza kakonzedwe ka nyimbo, koma sizinaphule kanthu.

Kwa ine chimene chinawadula miyendo a Chords ndi dzina. Taganizani, dziko lonse langokudziwani kumene, mapositala akusindikizidwa, ndiye mbale zanu zikuyamba kutuluka ndi dzina lina. Kunalibe Facebook yoti mulengezepo kuti ndife omwe aja. Munthu wofika pasitolo n'kufunsa za The Chords ankabwerera chimanjamanja, pamene mbale yawo ili pashelefu pomwepo.

Zimenezi ndimaziona ndi maso anga kuno. Kumabwera anyamata anayi a kwateti, mawu ngati uchi, ajambula nyimbo ya maliro kapena ya ukwati, mawa ili m'mafoni a tauni yonse mpaka m'maminibasi a ku Ekwendeni. Ukawafunsa kuti wapeka ndani, onse amaloza mnzawo. Ukati dzina la gulu ndi la ndani mukadzasiyana, amati ndife abale mwa Ambuye, sitingayambane. Ndimawauza kuti lembani pa pepala lero lomwe, musaine nonse, mukalembetse nyimbo ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo, isanatuluke. Ambiri amaona ngati ndikuwalodza.

Gogo wa ku Zolozolo

Ana anga, andilembera ndi mdzukulu, maso anatha. Ine The Chords sindinawamve pa ubwana wanga, koma kaimbidwe kameneko tinkakadziwa bwino. Kanabwera ndi amalume athu ochokera ku Joni, aja ankapita pa Wenela. Malume anga anafika kumudzi ndi galamafoni yopukusa pamanja ndi mbale zolemera zija zoti ikagwa yasweka. Ankazikulunga m'bulangete mkati mwa sutukesi. Masingano ankakhala m'kachitini kakang'ono, ndipo ikabuntha tinkainola pamwala ngakhale ankatikalipira kuti tikuwononga mbale. Mwana sankaloledwa kugwira chopukusira.

Mbale zambiri zinali za Manhattan Brothers a ku Johannesburg, amuna anayi ovala masuti, amene Miriam Makeba anaimba nawo asanatchuke payekha. Iwowo ankatengera magulu a anthu akuda a ku America monga Mills Brothers ndi Ink Spots, n'kumaimba m'zilankhulo za kwawo. Ndiye mdzukulu atandiseweretsa "Sh-Boom" yanuyi ndangoti awa ndi amodzimodzi, mtundu umodzi.

Mwana wa ku Luwinga, za mapepala ukunena zoona, koma usaiwale kuti cholembera chinali m'manja mwa ndani. Solomon Linda anajambula "Mbube" mu 1939 ku kampani ya Gallo. Nyimbo inawoloka nyanja, The Tokens anaisandutsa "The Lion Sleeps Tonight" mu 1961, dziko lonse linaimba. Mwini wake anamwalira mu 1962 ali mmphawi, ndipo ana ake anadzapeza mgwirizano wa malipiro mu 2006. Pepala analisaina ndithu, koma amene analilemba ndi wogula. Mnyamata wa mumsewu akaitanidwa mu ofesi n'kuuzidwa kuti saina apa tikujambule, amasaina.

Make Tadala, Chibavi

Zikomo kwambiri nonse, agogo mwandikumbutsa galamafoni ya kwa agogo anga ku Ntcheu. Ndamvera zonse ziwiri motsatizana. Ya Crew-Cuts ndi yaudongo koma ilibe thukuta, ndipo sakisofoni ija mulibe. Aphunzitsi, kafunso kena: kampani yawo bwanji sinawamenyere nkhondo pa za dzinalo, poti anali atailowetsera ndalama?

Mphunzitsi Wopuma, Katoto

Mayi, pa dzina panalibe nkhondo yoti n'kupambana, poti enawo analiyamba kale. Komanso muone mmene khola la Atlantic linalili chaka chimenecho. Munali Ruth Brown, The Clovers, Ray Charles, Big Joe Turner amene "Shake, Rattle and Roll" yake inatuluka 1954 yomweyo, ndi The Drifters a Clyde McPhatter. Amenewo ankabweretsa nyimbo yogulitsa ina pambuyo pa inzake. Anyamata a ku Bronx anali alendo pakhomopo, oikidwa ku kanthambi ka Cat komwe nakonso sikanakhalitse. Mbale yachiwiri itakanika, maso a akuluakulu anabwerera kwa odyetsa khomo.

Achimwene a ku Luwinga, za dzina ndavomera kuti zinawapweteka, koma pa tsankho sindisuntha. Gulu la nthawi imeneyo linkadya za m'mashowo kuposa za mbale, ndipo masenti 2 anuwo, ogawana ndi osindikiza kenako anthu asanu, sangafanane ndi zimene munthu amapeza akakhala nambala 1 kwa masabata 9. Mahotela akuluakulu ndi makalabu olipira bwino ankatsegukira The Crew-Cuts, amene anapitiriza kuimba mpaka m'ma 1960. A Chords akapita kumwera kwa America, malamulo a tsankho sankawalola kugona kapena kudya malo amodzi ndi azungu amene ankagula mbale yawo. Mu 1954 momwemo ndi mmene khoti lalikulu la dzikolo linagamula, pa mlandu wa Brown v. Board of Education, kuti kulekanitsa ana m'sukulu potengera khungu n'kosemphana ndi malamulo. Ndiyo nyengo imene anyamatawa ankayenda ndi nyimbo yawo.