Makina oumbira njerwa zosawotcha: ndigule kapena ndisiye?

Mphunzitsi wa ku Area 25:
Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi puloti ku Njewa ndipo ndikufuna kuyamba kumanga mvula ikangosiya. Nyumba ya zipinda zitatu zogona, mpanda pambuyo pake. Pali bambo wina akugulitsa makina oumbira njerwa za dothi losakaniza ndi simenti, zija amati SSB, zolumana zija. Ndi opanikiza ndi manja, safuna magetsi kapena dizilo. Anagwirapo kale ntchito koma akuoneka abwinobwino. Mtengo wake ukudya gawo lalikulu la ndalama imene ndinasungira njerwa, ndiye simenti youmbira ndidzachita kufunanso. Amene munamangapo, ndithandizeni nzeru. Ndigule, kapena ndingoitanitsa njerwa zowotcha monga achitira anzanga onse kumeneko?

Madala a ku Area 18:
Aphunzitsi, ndalama ya boma imabwera movuta, musaiyesere zinthu zachilendo. Nyumba zambiri mukuziona mu Lilongwe muno ndi za njerwa zowotcha ndipo zilipobe, ana anakuliramo, adzukulu akukuliramo. Njerwa yopsa bwino mukaigogoda imalira, mvula siyiopa. Gulani zowotcha, mmisiri aliyense amazidziwa.

Mayi wa ku Malingunde:
Bambo, ulemu wanu, koma njerwa yolirayo yapsa ndi chiyani? Ife kuno ndi amene tikuona. Malole a nkhuni ndi njinga za makala zimatsika kuchokera ku Dzalanyama kulowera m'tauni, mpaka boma linachita kutumizako asilikali kuti akalondere nkhalango. Mtsinje wa Lilongwe umayambira komweko, ndipo madzi amene mumamwa ku Area 18 amachokera ku Kamuzu Dam kwathu kuno. Mapiri akayera, dothi lonse limakokolokera m'damu. Masiku ano anthu afika podula mitengo ya mango ya pakhomo kuti awotchere uvuni, mango amene ana amadya nthawi ya njala mu Disembala. Zimandiwawa kwambiri.

Madala a ku Area 18:
Zimenezo sindikutsutsa amayi. Koma nyumba imodzi ya aphunzitsi ndi imene ithetse nkhalango?

Mayi wa ku Malingunde:
Aliyense womanga amanena chomwecho, ndipo omanga ndi ambirimbiri. Pitani ku Njewa, ku Airwing, njira ya ku Bunda, ku Lumbadzi, mukawerenge mauvuni m'mwezi wa Seputembala.

Mmisiri wa ku Kawale:
Ndilankhulepo monga munthu amene ndamangirapo zonse zitatu, zowotcha, mabuloko a simenti ndi SSB. Aphunzitsi, funso loyamba si la makina ayi, ndi la dothi. Makina abwino pa dothi lolakwika ndi ndalama yotaya.

SSB imafuna dothi lokhala ndi mchenga wambiri ndi dongo pang'ono logwirizitsa. Katondo wofiira uja, amene ali m'malo ambiri kuno ku Lilongwe, nthawi zambiri amatheka, ngakhale pena amafuna kuwonjezera mchenga. Makande akuda a kudambo ayi, amatupa akanyowa, akauma n'kung'aluka, ndipo amadya simenti yambiri. Dothi la pamwamba lolimapo chimanga silifunikanso chifukwa lili ndi mizu ndi zinyalala zowola, mumalipalira pambali n'kukumba la pansi.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Tengani botolo loonekera m'kati, thirani dothi pang'ono, dzazani madzi, khutchumulani bwinobwino, kenako lisiyeni mpaka mawa. Mchenga umakhala pansi, dothi losalala pakati, dongo pamwamba penipeni. Mukaona dongo lachuluka, dziwani kuti mugulanso mchenga wosakaniza, ndipo lole ya mchenga si yaulere. Yesani malo angapo papulotipo, osati dzenje limodzi.

Chachiwiri ndi ntchito. Dothi liyenera kusefedwa, simenti kuyezedwa ndi chidebe chimodzimodzi nthawi zonse, madzi ongonyowetsa osati matope. Mukafumbata m'manja ligwirane, mukaligwetsa pansi limwazike. Njerwa zikatuluka m'makina mumazisanja pamthunzi, kuziphimba ndi pepala la pulasitiki ndi kumazithirira sabata yoyamba yonse, ndipo simenti imafuna masiku 28 kuti ifike pa mphamvu yake. Apa ndi pamene anthu ambiri amagwera. Aganyu amafuna kuumba zambiri pa tsiku chifukwa mumawalipira powerenga njerwa, ndiye amachepetsa dothi m'chikombole, sapanikiza mpaka kumapeto, ndipo mwini wake akachoka simenti ina imalowera kwina. Inu muli m'kalasi kuyambira m'mawa, adzayang'anira ndani?

Mphunzitsi wa ku Area 25:
Amisiri, zikomo kwambiri, zimenezi wogulitsayo sanandiuze. Woyang'anira alipo, mchimwene wanga wamng'ono anamaliza Fomu 4 ndipo akungokhala. Koma madzi ku puloti kulibe, timatunga pa mjigo patali ndithu.

Mmisiri wa ku Kawale:
Ndiye madziwo muwaike pa bajeti. Mchimwene wanuyo akayambe waona kumene ena akuumba, asaphunzirire pa simenti yanu.

Injiniya wa ku Kanengo:
Ndiwonjezere za malamulo, chifukwa madala anena kuti ndi zinthu zachilendo. Mu 2018 boma kudzera ku bungwe loyang'anira zomangamanga la NCIC linakhazikitsa malamulo oletsa njerwa zowotcha ndi nkhuni pa zomangamanga za boma, za mabungwe ndi zamalonda. N'chifukwa chake masukulu, zipatala ndi mashopu akuluakulu atsopano mukuona akumangidwa ndi mabuloko a simenti kapena SSB. Nyumba zogona za anthu wamba zikumangidwabe ndi zowotcha, koma kumene zinthu zikulowera kukuoneka. Nkhuni zikusowa, zikuchokera kutali, ndipo njerwa yowotcha ya lero si ija ya kale. Zikombole anazichepetsa, zambiri sizipsa bwino chifukwa owotcha akuumira nkhuni.

Ndipo anthu powerengera amangoyang'ana mtengo wa njerwa imodzi. Werengani khoma lonse. Njerwa zowotcha zimabwera zosafanana, ina yayitali ina yokhota, ndiye mmisiri amawongola khoma ndi matope okhuthala, kenako pulasitala wokhuthalanso mbali zonse ziwiri. Simenti imathera pamenepo. Onjezani zosweka potsitsa pa lole. SSB yolumana imafuna matope m'mizere yoyambirira ndi ya kumtunda kokha, pakati ponse mumangosanja, ndipo khoma likamangidwa mwaluso kunja simufunika pulasitala, mumangopaka mankhwala oteteza ku madzi. Simenti yosakaniza m'dothi imakhala yochepa, kawirikawiri pakati pa magawo 5 ndi 10 pa 100 aliwonse, kutengera dothi.

Wamalole wa ku Area 36:
A injiniya, zonsezo n'zoona papepala. Nanga simentiyo mtengo wake mwauona? Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, inagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo kuyambira pamenepo thumba la simenti silikhazikika mtengo. Pena imasowa kumene, anthu n'kumadikira ya Dangote yochokera ku Zambia. Njerwa yowotcha siidikira madola. Dothi ndi lathu, nkhuni ndi zathu, anyamata oumba ndi athu. Munthu wosauka amaumba yekha pakhomo pake n'kumanga. Mukamuuza kuti agule simenti ya njerwa iliyonse ndiye kuti mwamuuza kuti asamange.

Injiniya wa ku Kanengo:
Mfundo imeneyo ndi yolemera achimwene, sindingaipeputse. Ndipo simenti nayonso si yoyera pa nkhani ya chilengedwe. Popanga amawotcha miyala ya laimu ndi malasha pa moto waukulu kwambiri, ndipo mafakitale a simenti amatulutsa pafupifupi 8 peresenti ya mpweya wa kaboni umene anthu amatulutsa padziko lonse. Mabuloko a simenti amafunanso mchenga wambiri, onani m'mene mitsinje ya Lilongwe ndi Lingadzi yakumbidwira. N'chifukwa chake ine pakati pa buloko ndi SSB ndimakonda SSB, simenti yake ndi yochepa ndipo dothi limachokera pamalo pomwepo, dzenje lake n'kusandutsa la septic tank. Simenti timapanganso konkuno, Shayona ku Kasungu, Portland ku Blantyre, Cement Products ku Mangochi, ngakhale kuti nawonso zinthu zina amaitanitsa kunja.

Mnyamata wa ku Chinsapo:
Ine ndimaumba njerwa zowotcha, ndi imene imandidyetsa. Ndikamva anthu akutinyoza zimandipweteka, ngati timadula mitengo mwa masewera. Tipatseni ntchito ina tisiye. Komanso kunena zoona phindu latsika, ndalama yambiri ikupita kwa wa nkhuni. Makina amenewo nditawapeza ndikhoza kusiya uvuni mawa lomwe, koma ndalama yogulira ndilibe.

Mayi wa ku Malingunde:
Mwana wanga, sindikunyoza iwe ayi. Amene ali ndi ndalama zomangira ndiwo ayenera kuyamba kusintha, iwe umaumba chimene akufuna.

Landilodi wa ku Area 49:
Aphunzitsi, yankho langa ndi lakuti musagule. Osati chifukwa SSB ndi yoipa, nyumba zanga ziwiri za lendi ndinamangira yomweyo ndipo alendi amayamikira kuti m'nyumba mumazizira bwino mu Okutobala. Koma makina ndinachita kubwereka pamodzi ndi anyamata ake odziwa ntchito, ndinawalipira, anaumba, anapita. Nyumba imodzi ndi mpanda sizingabweze ndalama ya makina. Mukamaliza adzangokhala kuseri kwa nyumba kuchita dzimbiri. Amene ayenera kugula ndi munthu amene akufuna kuti ikhale bizinesi, kapena gulu, mpingo, banki m'khonde, anthu amene adzabwerekana chaka ndi chaka.

Chinanso, makina ogwirapo kale ntchito muwasamale. Chikombole chikaperepeseka njerwa zimatuluka zosiyana msinkhu, ndipo pa njerwa zolumana kusiyana pang'ono kokha khoma limayamba kupendama chifukwa palibe matope owongolera. Funsani kuti anapangidwa kuti. Alipo ochokera kunja monga a Makiga a ku Kenya ndi a Hydraform a ku South Africa, aliponso owotcherera konkuno. Ena mwa a konkuno ndi olimba, ena chitsulo chake n'chopyapyala, chimapindika.

Madala a ku Area 18:
Nanga mvula? Dothi losapsa ndi dothi basi. Tinaona zidina zikusungunuka.

Mmisiri wa ku Kawale:
Madala, zidina ndi SSB n'zosiyana. Chidina ndi matope ouma ndi dzuwa, SSB ili ndi simenti ndipo yapanikizidwa. Youmbidwa bwino mukhoza kuiviika m'ndowa usiku wonse, m'mawa muipeza ili gwa. Ndipo aphunzitsi akachite zomwezo asanalipire. Komabe pali malamulo ake. Fandeshoni musamangire SSB, ikani mabuloko a simenti kapena miyala mpaka mutuluke bwino pamwamba pa nthaka, kenako DPC, pepala lija lotchinga chinyezi kuti chisakwere m'khoma. Pamwamba pa mawindo pazungulire lamba wa konkire ndi zitsulo, uja amati ring beam, chifukwa khoma losanja lopanda lamba silingadalirike, makamaka dziko lathu lino limene zivomezi zimachitika, za ku Salima mu 1989 ndi ku Karonga mu 2009 tikuzikumbuka. Denga litulukire kunja mokwanira kuti madzi a malata asamamenye khoma. Ku mpanda ndiye samalani kwambiri, ulibe denga, umafuna zipilala ndi chipewa cha konkire pamwamba.

Vuto lenileni limene ndikuliona ndi amisiri. Ambiri sanaphunzire kumanga zolumana, ndipo sadzakuuzani kuti sadziwa. Adzavomera ntchito, khoma likapendama adzati njerwa zanu n'zoipa. Musanalembe munthu, akakuonetseni nyumba imene anamanga, makamaka imene yapyola dzinja ziwiri kapena zitatu.

Injiniya wa ku Kanengo:
Ndipo ngati muumba zambiri, tengani zingapo mukayezetse mphamvu ku labu, a Malawi Bureau of Standards amayeza zipangizo zomangira. Ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi kugwetsa khoma.

Wamalole wa ku Area 36:
Ine ndikadali pomwepo. Pa nyumba imodzi, wa ndalama zochepa, zowotcha kapena mabuloko. Mabuloko amangofika lero mawa mmisiri wayamba, palibe zodikira masiku 28.

Landilodi wa ku Area 49:
Mabulokonso muzisankha achimwene. Ena oumba m'mbali mwa msewu amatambasula thumba limodzi mpaka buloko kumanyenyeka ndi chala.

Mphunzitsi wa ku Area 25:
Ndawerenga zonse kawiri. Zowotcha ndazisiya, mawu a amayi a ku Malingunde andikhudza, komanso masamu a pulasitala amene a injiniya anena ndi omveka. Koma kugula ndekha makina ndaona kuti n'kulemera. Kusukulu kwathu tili ndi gulu losunga ndalama ndipo anzanga anayi ali ndi mapuloti mbali yomweyo, ndikawafotokozera Lachisanu kuti mwina tigule pamodzi. Akakana ndibwereka monga achitira a landilodi. Loweruka ndipita kukatenga dothi la m'botolo lija. Achimwene a ku Chinsapo, ngati gulu livomera tidzafuna munthu wozolowera dothi woti aziyendetsa makinawo pamodzi ndi mchimwene wanga, mungakonde?

Mnyamata wa ku Chinsapo:
Ndingakonde kwambiri amayi. Bola wina andiphunzitse kayezedwe ka simenti.

Mmisiri wa ku Kawale:
Zimenezo ndikuphunzitsa ine. Aphunzitsi, muuzeni wogulitsayo abweretse makina ku puloti, inu mugule thumba limodzi la simenti, tiumbe zoyesera ndi dothi lanu lomwelo. Tiziyeza ndi tepi ngati zikutuluka zofanana, tizisiya zikhwime, kenako tiziviika m'madzi. Akakana kuti makina ayesedwe, musamupatse ngakhale ya dipoziti.

Madala a ku Area 18:
Tsiku loviikalo mundiuze, ndibwera ndidzaone ndekha.