Ma rite a ma werewolf mu LARP: tizichitadi mwambo wonse kapena tingoponya mwala, pepala, sizasi basi?

Nachisale_Leeds:

Moni nonse. Funso langa likupita kwa amene mumasewera kapena munasewerapo Werewolf: The Apocalypse ya LARP, ija ya Mind's Eye Theatre yoti simukhala patebulo ndi madayisi koma mumavala zovala zake nkumayenda mu holo ngati ndinu ma Garou enieniwo, anthu osanduka mimbulu aja. Gulu lathu kuno andipempha kuti ndithandize ma Storyteller (ma ST, oyendetsa gemu) kulemba malamulo athuathu a ma rite, miyambo ya mu gemuyi, chifukwa pali mkangano omwe sukutha.

Tili ndi ma Theurge awiri, ma Garou oyankhula ndi mizimu. Wina akafuna Rite of Cleansing amangopita kwa ST nkuti ndikupanga cleansing, aponya mwala pepala sizasi, wawina, basi malo ayera, olo mphindi imodzi siyikwana. Winayo nde amabwera ndi chikwama chathunthu, kanthambi, botolo la madzi, chingwe chopangira bwalo pansi, nkuitana pack yonse izungulire, anthu nkumalira ngati mimbulu mpaka kukhosi kuuma, koma pamapeto pake onse awiri amapeza zofanana. Gemu yapitayi wachikwamayu analuza test ya mwala pepala sizasi ija atavutika chonsecho ndipo anakwiya anakakhala panja pozizira, sanabwererenso mu scene.

Nde tipange bwanji? Tikakamize aliyense kuti azichita mwambo wonse, kapena amene wachita bwino tizimupatsa bonasi? Nanga nthawi tiziwerenga yeniyeni yapawotchi kapena ST azingonena kuti padutsa ola? Ena mu gulu akuti ma rite ndi otayitsa taimu, iwo anabwerera ndewu.

ST_wakale:

Achemwali, nkhani imeneyi ndi yakale ngati gemuyo. Muyambe mwawafunsa anthu anuwo kuti kusiyana kwa Gift ndi rite nchani, mupeza kuti ambiri sanaganizirepo. Gift ndi mphamvu yapadera yomwe umaphunzitsidwa ndi mzimu, ndi yako wekha, umalipira Gnosis kapena Rage (mapointi a mphamvu ya uzimu kapena a ukali) nkuigwiritsa ntchito pompopompo olo pakati pa ndewu. Rite umaphunzira kwa Garou mnzako, imachedwa dala, ndipo ambiri mwa iwo amafuna anthu ena akhalepo. Mu buku lapatebulo rite imatenga mphindi zosachepera 10 pa level iliyonse, kuiphunzira nako sabata imodzi pa level. Ndekuti mtengo weniweni wa rite ndi nthawi ndi anthu. Munthu akamangonong'oneza ST nkuwina test mu masekondi 30 ndekuti mwamupatsa Gift yaulere yomwe sanalipire kanthu, nchifukwa chake mnzakeyo akudandaula, ndipo akulondola.

Chomwe ine ndinkachita ndili ST ndi ichi. Laws of the Wild, buku la LARP lija la White Wolf lomwe linatuluka 1997 nkudzalikonzanso 2001, limagawa ma rite kukhala Basic, Intermediate ndi Advanced. Ine ndinati Basic mphindi 5 zenizeni, Intermediate 10, Advanced 20, ili ndi lamulo lapanyumba chabe silili mu buku, ndinachepetsa chifukwa usiku wa gemu ndi waufupi. Narrator, wothandizira ST, amaima pambali ndi foni akuwerenga, ndipo nthawi yonseyo wotsogolera rite sangayankhule zina, sangachoke, akamenyedwa nkutuluka mu bwalo rite yafa ndipo Gnosis yomwe walipira yapita. Mukangoika lamulo limeneli mudzaona zodabwitsa, ma Ahroun, ankhondo aja akuti anabwerera ndewu apeza ntchito, chifukwa tsopano pakufunika wolondera Theurge kwa mphindi 10 pomwe ST watumiza ma Bane, mizimu yoipa, kuti adzasokoneze. Ndewu yokoma kwambiri mu Werewolf ndi yoteteza munthu yemwe sangadziteteze chifukwa manja ake ali pa mwambo.

Koma chenjezo, musamapereke malikisi pa acting. Pali anthu amanyazi, ena Chingelezi si chilankhulo chawo choyamba monga ife tomwe, nde mukati woyankhula mokoma ndi amene azipeza bonasi ndekuti aziwina ndi anthu omwewomwewo a drama. Ine ndinkayang'ana zinthu zoti aliyense angakwanitse, wabweretsa chinthu chogwirika chokhudzana ndi rite yo? wanena mokweza mzimu omwe akuuitana ndi chomwe akupempha? pali ena omwe alowa nawo, olo kungoomba m'manja kapena kulira? Zikakhalapo amapeza retest yaulere, mwayi woponyanso, pamwamba pa ija ya luso la Rituals. Cleansing mwachitsanzo buku limafotokoza kale, bwalo pansi, kuzungulira chobwerera mosemphana ndi mivi ya wotchi, nthambi yoviika m'madzi oyera, ena onse nkumalira kuti athamangitse litsiro la Wyrm, mzimu wowononga womwe ndi mdani wa ma Garou. Sipafunika ndakatulo pamenepo.

Za kuluza test. Ine sindikonda kuti munthu wachita zonsezo nkungomuuza kuti sizinatheke. Muziponya test koyambirira mobisa, wosewerayo ndi narrator awiriwiri, kuti ikakhala yoti yakanika narrator azionetsa zizindikiro rite ili mkati, mphepo yasintha, madzi mu botolo ada, kenako mzimu ubwere ndithu koma utakwiya, ufune chiminage (malipiro opereka kwa mzimu) yokwera, mwina kuti pack isadye nyama mwezi wonse kapena ikayeretse mtsinje wina wake. Wosewerayo amapita kunyumba ndi nkhani yatsopano mmalo mokakhala panja.

Ragabash265:

kkkkk akulu a ST_wakale mwayankhula bwino koma mukuyankhula ngati Theurge, ife ma Ragabash obadwa mwezi kulibe tili ndi mbali yathu. Si rite iliyonse yoyenera kuonereredwa aise. Talisman Dedication, ija yomangirira zovala ndi katundu ku thupi lako kuti ukasanduka Crinos, chimphona cha theka munthu theka mmbulu, buluku lisang'ambike ndipo ukalowa mu Umbra, dziko la mizimu, usafike chibadwire, ndani akufuna kuima mphindi 5 kuonerera munthu akudalitsa jinzi yake? Zimenezo zilembedwe pa downtime, nthawi ya pakati pa ma gemu, ST angoona kuti katundu sanapose Gnosis ya munthuyo, asayine khadi basi. Chimodzimodzi tima minor rite tija topatsa moni mwezi kapena dzuwa, munthu azichita yekha pakona akafuna.

Zoyenera kuchitidwa pamaso pa onse ndi zomwe zikusintha moyo wa sept yonse (mudzi wa ma Garou), Moot womwe ndi msonkhano wawo, Rite of Passage ya ma cub (ma Garou atsopano), Gathering for the Departed character wa munthu akafa, ndi zilango. Moot yokha ili kale ndi magawo ake, Opening Howl, Inner Sky, Cracking the Bone pomwe amaweruza milandu, nthano ndi nyimbo, kenako Revel, nde mukaigawa bwino aliyense amakhala ndi mbali yake, Galliard, woyimba uja, atsogolera kulira, Philodox, woweruza, agwira fupa, ife ma Ragabash tizifunsa mafunso opusa omwe aliyense akuopa kufunsa. Ili ngati bwalo la kwa amfumu, wina aliyense amadziwa nthawi yake yoyankhula ndipo ukadumphira mkulu mawu ulipira.

Pa zilangozi nde samalani. Voice of the Jackal ndi bho kwambiri mu LARP, munthu yemwe amadzimva kuti ndi Ahroun woopsa akuyankhula ndi kamawu kotswii usiku wonse, anthu amaseka mpaka misozi ndipo iyenso amasangalala ngati wavomera. Koma Rite of Ostracism ayi. Pa pepala imamveka bwino, sept yonse isamuone isamuyankhule, koma kuseri kwa character kuli munthu weniweni yemwe wakwera sitima, walipira ya holo, nde akhale maola onse palibe womuyankha? Munthu ameneyo sabweranso. Ngati nkofunika ndithu ichitike kumapeto kwa gemu, nthawi ya chilango ithere pakati pa ma gemu, kapena mumupatse asewere NPC, character wa ST, tsiku limenelo.

china, ku UK ko musayerekeze nthambi yofuka utsi mu holo olo buku likunena, alamu ya moto ikalira mudzapezeka nonse pa car park ndi utoto kumaso mukufotokozera a fire brigade kuti ndinu ana a Gaia, mayi wa dziko mu gemuyi. Makandulo a batire alipo otchipa. Ndipo kuwaza anthu madzi muziyamba mwafunsa, lamulo la Mind's Eye Theatre ndi loti osagwirana, ndipo pali ena anatha ola lathunthu akudzipenta.

Mbewe_wa_Zomba:

Ine sindinasewerepo ya LARP, timangosewera yapatebulo ndi anzanga pa intaneti, koma powerenga izi mtima wadumpha. Bwanji kuyesa konkuno, malo tili nawo, kuphiri kuno usiku mwezi uli mbee moot ingakome heavy. Ndipo ma rite sitingavutike kupeka, tingotengako zina za gule, ng'oma, nyimbo, basi zatheka. Komanso mu dziko la gemuyi muli a Ajaba, anthu osanduka afisi, amenewo nde athu enieni kusiyana ndi mimbulu ya ku Ulaya.

NaBanda_BT:

Achimwene a ku Zomba, pepani ndikutsutsani pang'ono. Kumbukirani 2017 nkhani ya anamapopa mmene inayambira ku Mulanje nkufalikira ku Phalombe, Thyolo mpaka kuno ku Blantyre, anthu anaphedwa pongoganiziridwa chabe, mpaka a UN anachotsa ogwira ntchito awo m'maboma ena. Nde inu mukufuna anyamata ndi atsikana avale zikopa, ajambule bwalo kuthengo usiku nkumalira ngati zilombo? Wodutsa ndi nkhuni zake sadzafunsa kuti kodi iyi ndi edition iti. Ku Leeds neba akadandaula phokoso amangoitana apolisi nkukuuzani mutsitse mawu, kwathu kuno anthu amayamba asonkhana ndi miyala. Ndipo lamulo la ufiti la 1911 lija likadalipo, limaletsa kunena mnzako kuti ndi mfiti komanso kudzionetsa ngati ndiwe mfiti, sindikufuna kukamva mukufotokozera wapolisi za Umbra. Za afisi nde nkhani ina, ku Dedza ndi ku Ntcheu fisi akagwira munthu pamakhala ena onena kuti ndi fisi wotumidwa, nkhani yoti munthu amasanduka fisi kwa anthu ambiri si nthano yosewerera. Mukafuna kusewera pezani holo kapena nyumba ya mpanda, masana, mwini malo adziwe bwinobwino kuti ndi sewero, kulira kwake kukhale kotsitsa.

Za gule ayi ndithu, musatengeko. Gule Wamkulu ali ndi eni ake, ali ndi zinsinsi zake zakudambwe, UNESCO inamuzindikira mu 2005, si katundu woti titole tikongoletsere gemu. Eni gemuwo vuto lomweli linawapeza kale, mitundu iwiri ya ma Garou anaitcha Wendigo ndi Uktena potengera zikhulupiriro za amwenye ofiira a ku America, anthu anadandaula kwa zaka zambiri, nde mu edition yachisanu ya 2023 anasintha maina kukhala Galestalkers ndi Ghost Council. Pekani zanu. Komanso izi zikukhudza inu a Nachisale, mu malamulo anuwo ikanimo kuti mawu a rite asatengedwe ku pemphero lenileni la chipembedzo chilichonse, chifukwa mu gulu simungadziwe yemwe zimupweteke, ndipo pali ena opemphera omwe amasewera bwinobwino bola zikuonekeratu kuti mizimu yake ndi yopeka.

Mbewe_wa_Zomba:

Mwamveka achemwali, za kuphiri zija tasiya kkk. Koma a Ajaba sindiwasiya, tiziwasewera patebulo pomwepo chitseko chotseka.

Nachisale_Leeds:

Zikomo nonse, ndalemba kale draft yoti ndikaonetse ma ST anzanga. Ndatenga za mphindi 5, 10, 20, retest yaulere kwa wobweretsa chinthu, mawu ndi anthu, ndi zoti tima rite tating'onoting'ono tipite ku downtime. Ostracism ndaika kuti mpaka wosewerayo avomere yekha kunja kwa gemu. Pamene ndikukayikabe ndi pa test yobisa koyambirira ija a ST_wakale, chifukwa ngati Theurge akudziwa kale kuti waluza, si azingochita mwaulesi kapena kunamizira kuti wina wamusokoneza kuti Gnosis yokha ipite koma mzimu wokwiya usabwere?

ST_wakale:

Eya ena amatero, ndinawaonapo. Njira yake ndi yoti asadziwe zotsatira. Iye alembe mwala, pepala kapena sizasi pa kakhadi nkupinda, narrator alembenso lake, narrator yekha ndi amene aone onse awiri, zikafanana ayerekeze ma trait, mapointi a character, mwakachetechete poyang'ana pa sheet. Retest nayo alemberetu kakhadi kachiwiri asanayambe. Ndipo lembani poyera kuti rite yosiyidwa dala pakati imachotsetsa Wisdom pa Renown, mapointi a ulemu wa character, Master of the Rite wa sept yanu akhale ndi mphamvu yokanena zimenezo pa moot yotsatira, muona ngati wina ayerekeze kuthawa mu bwalo ma Elder akumuyang'ana. Kodi gulu lanu likugwiritsa ntchito Laws of the Wild kapena ya By Night Studios ya 2016? Chifukwa ngati ndi yachiwiriyo za ma trait ndi ma retest zimayenda mosiyana, nde mundiuze ndikuthandizeni kukonza chiganizo chimenecho musanapite nacho kwa anzanuwo.