Ella anaiwala mawu ku Berlin, nanga bwanji mbale imeneyi ndi yomwe imandigwira mtima?

Nachisale:
Anzanga okonda jazi, ndithandizeni. Malemu bambo anga anandisiyira katoni ya mbale za galamafoni, ndipo mwezi watha ndinapeza singano yatsopano n'kuyamba kuziliza. Pa zonsezo yandigwira ndi ya Ella Fitzgerald yomwe anajambula pa konsati ku Berlin pa 13 February 1960. Ali pakati pa nyimbo ya "Mack the Knife", mayiyu anaiwala mawu. Sanaime ayi. Anayamba kupeka mawu ake pomwepo, kuwauza anthu moimba kuti mawu amuthawa, kenako n'kutengera mawu a sasa a Louis Armstrong. Paul Smith pa piyano sanagwedezeke, anangomutsatira. Ndikafika pamenepo tsitsi limandinyenyera, ndipo ndimakumbuka bambo akuseka okha pakhonde Lamlungu masana. Mbale za Ella za mu situdiyo ndili nazo ziwiri, n'zosalala bwino, koma sizindifika pamtima chonchi. Kodi ndi ine ndekha? Nanga ndifunefune ziti zina za pa konsati?

Phiri wa ku Leeds:
Achemwali, si inu nokha. Chaka chotsatira Ella analandira mphoto ziwiri za oimba za Grammy chifukwa cha usiku umenewo. Mufunefune ya Sarah Vaughan ku Mister Kelly's, kalabu ya ku Chicago, ya mu August 1957. Kumbuyo kwake kuli anthu atatu okha: Jimmy Jones pa piyano, Richard Davis pa besi, Roy Haynes pa ng'oma. Chipindacho n'chaching'ono, moti mumamva anthu akuseka pafupi. Nayenso pa "How High the Moon" mawu anamusowa, n'kutchula dzina la Ella ali mkati moimba.

Gogo Mbewe:
Ine ndisiyana nanu pang'ono, ana anga. Kuiwala mawu si luso. Luso ndi zomwe woimba amachita akaiwala, ndipo Ella anatha kutero chifukwa anali ataimba usiku ndi usiku kuyambira masiku a bandi ya Chick Webb m'ma 1930. Musanyoze za mu situdiyo. Zomwe Norman Granz anamujambulitsa ku kampani yake ya mbale ya Verve kuyambira 1956 ndi zimene zimaphunzitsa nyimbo mmene anailembera mwiniwake. Mukaidziwa bwino m'pamene mumazindikira pomwe woimba wapatuka pa konsati.

Koma ngati mukufuna ya pa konsati yoti ikulizeni, ndi ya Billie Holiday ku Carnegie Hall, holo ya ku New York, November 1956. Mawu anali atayamba kutha, amamveka otopa, ndipo pakati pa nyimbo munthu wina ankawerenga ndime za m'buku la moyo wake. Inatuluka 1961, mwiniwake atamwalira kale mu 1959. Ine sindiimvera masana.

Nachisale:
Zikomo kwambiri Gogo, mwandiwongola. Ndayambanso kuliza za mu situdiyo zija, ndipo tsopano ndikumva pomwe Ella akuthyola nyimbo dala ndi pomwe yamupulumukadi. Achimwene a Phiri, ya Sarah Vaughan ndaipeza pa YouTube usiku uno. Ya Billie Holiday ndidikira Loweruka ana akagona. Funso lina: mbale ya bambo ili ndi mkwasa womwe umadumphitsa singano pafupi ndi mapeto. Ilipo njira yoitsukira osaiwononga?