Par ya dzenje limodzi la gofu ikusiyana bwanji?

Wa ku Katoto: Akuluakulu, ndangoyamba gofu kuno ku Mzuzu, ndipo pa kadi ndaona dzenje limodzi lili par 4 kwa abambo koma par 5 kwa amayi (par ndi kuchuluka kwa maulendo amene katswiri amayembekezeka kumenya mpira kuti ulowe m'dzenje), chonsecho amayi amayambira kutsogolo. Zimatheka bwanji?

Wa ku Luwinga: Achimwene, par amaiwerengera pa tee (malo oyambira kumenya mpira) iliyonse payokha. Pa World Handicap System, ndondomeko ya dziko lonse yoyezera luso la osewera gofu, par 4 ya abambo ndi mayadi 240 mpaka 490, pomwe ya amayi imathera pa 420, choncho mayi akaima pa mayadi 430 dzenjelo ndi par 5 basi.

Wa ku Chibavi: Mtunda wokha sukwanira, bambo. Pokwera chitunda mpira sugudubuzika, ndiye dzenje limatalika kuposa zomwe zalembedwa pa chikwangwani, ndipo oyeza amaganiziranso zimenezo. Musaiwalenso kuti par iliyonse imasungira ma putt awiri (kumenya mpira pang'ono kuti ugudubuzike kulowa m'dzenje) pa green, kapinga wosalala wozungulira dzenjelo.