Thandizeni maganizo: tikapemphe chiyani kwa aphungu pa nkhani ya ngongole ya dziko?

Moni nonse abale ndi alongo. Ndine telala ku Kamwala, komanso mlembi wa gulu lathu la chilimba. Aphungu a dera lathu avomera kutiona mwezi wamawa, ndipo anzanga andipatsa ntchito yolemba kalata yoti tikawasiyire yokhudza ngongole ya dziko. Vuto ndi loti gulu lagawikana pawiri.

Chomwe chimandiwawa ine ndi kuchedwa kwa zokambirana za ngongoleyi. Zambia inalephera kulipira chiwongoladzanja cha Eurobond, ngongole ya madola yomwe boma linatenga pamisika ya ndalama ya kunja, mu November 2020. Kumayambiriro kwa 2021 boma linapempha kuti ngongole ikambidwenso kudzera m'dongosolo la G20, gulu la mayiko a chuma chachikulu, lotchedwa Common Framework. Maboma amene anatikongoza, motsogoleredwa ndi China ndi France, anadzavomera mu June 2023 ku Paris, pa ngongole ya madola 6.3 biliyoni. Eni ake a ma Eurobond a madola 3 biliyoni tinamalizana nawo mu June 2024. Zaka zitatu ndi theka okongoza akukokana okhaokha kuti aluze zambiri ndani, ife tikudikira. Pofika kumapeto kwa 2023 dola imodzi inali itapitirira K25, ndipo nsalu ya yunifolomu yomwe timagula kuno imachokera kunja. Makolo anasiya kusoketsa zatsopano. Mayi amabwera ndi diresi ya sukulu ya chaka chatha kuti ndimasule mpendero, mwana wakula, ndipo mzere wakale umakhala ukuonekeratu pansalu.

Munthu ukakangana ndi wa kaloba pali khoti lomwe lingakumvereni nonse awiri. Dziko likalephera kubweza palibe bwalo lotero. Amene anakukongoza ndi yemweyo wogamula, ndipo IMF, bungwe la padziko lonse lokongoza mayiko ndalama, yomwe imawerengera kuti tingathe kubweza zingati, nayonso inatikongoza madola 1.3 biliyoni mu August 2022.

Ndiye ena m'gulu akuti tipemphe aphungu akankhe boma kuti liime limodzi ndi mayiko ena a mu Africa amene akufuna malamulo a ngongole akhale m'manja mwa United Nations, komanso kuti mavoti mu IMF asinthe. Dziko la America lokha lili ndi mavoti opitirira 16 pa 100 alionse, pamene zigamulo zikuluzikulu zimafuna 85, kutanthauza kuti likakana lokhalo nkhani yathera pomwepo. Ena akuti za ku Washington n'zakutali, tiyang'ane kwathu. Ngongole yambiri inafafanizidwa titamaliza HIPC, dongosolo lochepetsera ngongole za mayiko osauka, mu 2005, koma atsogoleri athu anakakongolanso mu 2012, 2014 ndi 2015. Ine mtima wanga uli kwa oyambawo, koma sindikufuna kalata yoti aphungu aipinde n'kuiiwala. Inu mungalembe chiyani?

Bambo wa ku Matero: Mwanawe, ine ndinaona zipolowe za unga mu June 1990 kuno ku Lusaka, ndipo ndikukumbuka a Kaunda akuthetsa mgwirizano ndi IMF mu May 1987, kenako n'kubwereranso chifukwa ndalama zinasowa. Musamvere anthu onena kuti za kunja sizingasunthike. Nthawi ya Jubilee 2000, kampeni yopempha kuti ngongole za mayiko osauka zifafanizidwe, tinkasainitsa mayina pakhomo pa tchalitchi tikaweruka mapemphero, ndipo anthu a m'mayiko ambiri anachita chimodzimodzi mpaka ngongole inafafanizidwa. Koma aphungu apatseni chinthu choti akachinene m'Nyumba ya Malamulo. Mavoti a IMF sangawakhudze.

Mayi wa ku Chilenje: Ndikugwirizana ndi atatewa. Amayi, pali lamulo la Public Debt Management Act la 2022, lomwe limati boma lizipititsa ku Nyumba ya Malamulo dongosolo la ngongole zomwe likufuna kutenga chaka chimenecho. Afunseni aphungu anu ngati analiwerenga dongosololo, anavota bwanji, ndipo ndalamazo zinagwira ntchito yanji m'dera lanu. Pa za kunjazo, pemphani chinthu chimodzi chomveka, choti dziko likapempha kukambirana, kubweza kuziyamba kwaima ndipo okongoza onse, maboma ndi makampani omwe, azipatsidwa tsiku lomalizira. Kumeneko ndi kumene tinapwetekera. Mgwirizano woyamba ndi eni ma Eurobond unakanidwa ndi maboma otikongoza mu November 2023, n'kuyambiranso. Pitaninso ku JCTR, bungwe la Akatolika la kuno ku Lusaka, amatulutsa mtengo wa zofunika pakhomo mwezi ndi mwezi, mukaphatikize pa kalatayo.

Mnyamata wa ku Soweto Market: Amama, musaiwale malonda. Ngongole imabwezedwa ndi madola, ndipo madola athu ambiri amachokera ku kopa basi. Thonje la ku Chipata ndi Katete limapita kunja lisanasanduke nsalu, inu n'kumagula nsalu ya eni ake. Ine ndimagulitsa salaula, ndi imene ikundidyetsa, koma ndikudziwa kuti msika utatsegulidwa m'zaka za m'ma 1990 mafakitale a nsalu a ku Kafue ndi Kabwe anafooka. Tikapanda kukonza pamenepa tidzakongolanso.

Wofunsa: Zikomo nonse, mwanditsegula mutu. Ndiyamba ndi mafunso a lamulo la 2022, ndipo za tsiku lomalizira zibwera kachiwiri. Za thonje, achimwene, ndiziika ndithu chifukwa ambiri m'gulu mwathu ndi a Kum'mawa ndipo abale awo amalima. Amayi a ku Chilenje, kodi kalatayi tiilembe m'Chinyanja kapena m'Chingerezi, ndipo tisaine tonse kapena atsogoleri okha?