Ndaiwala WHERE, ngongole za alimi zasokonekera

Akuluakulu odziwa za makompyuta, ndithandizeni, mutu waima. Ndimasunga maakaunti pa kashopu kogula soya ndi mtedza kuno ku Chipata, chakufupi ndi msika wa Kapata. Dzulo masana ndimafuna kukonza ngongole ya mbewu ya mlimi mmodzi wa ku Katete mu MySQL 8.0, pulogalamu yosungiramo maakauntiwo. Ndinalemba UPDATE, lamulo losinthira zolembedwa, koma WHERE, mbali yosankha mlimi woti asinthidwe, ndinaiwala. Kungodina Enter, mlimi aliyense ngongole yake yakhala K850, ngakhale agogo ena amene anamaliza kubweza kalekale! ROLLBACK, lamulo lobweza zimene wasintha, sinaphule kanthu chifukwa autocommit, imene imasunga zosintha nthawi yomweyo, inali yoyatsa.

Backup (kope la maakaunti onse) ya mysqldump ndili nayo ya Lamlungu usiku, ndipo mafayilo a binlog, amene amalemba chilichonse chosinthidwa, ndawaona, alipo.

Kodi ndibwezeretse backupyo pa kompyuta ina kaye, kenako ndiyendetse mysqlbinlog, chida chowerengera binlog, mpaka pamene ndinalakwitsa? Chabwino n'chiti, --stop-datetime (kuima pa nthawi) kapena --stop-position (kuima pa malo ena mu binlog)? Nthawi yeniyeni sindikuikumbuka bwino.

Chikundisowetsa tulo ndi malisiti amene tinalowetsa madzulo, vutoli litachitika kale. Ndingalumphe bwanji lamulo lolakwikalo lokha, malisitiwo osatayika?

Abwana sindinawauzebe, ndipo alimi akubwera Lachisanu kudzalandira ndalama zawo.