Carina Nebula ikutuluka mizere yokhayokha, ndithandizeni

Membala wobisa dzina: Akuluakulu, ndimakhala ku Bembeke, ndipo mwezi uno wa Epulo ndakhala ndikuyesa kujambula Carina Nebula, mtambo wa mpweya ndi fumbi umene nyenyezi zatsopano zimabadwiramo. Nyenyezi zikutuluka mizere, ndipo kufiira kumene ndimaona pa zithunzi za anzathu kulibe. Tripod yanga (choimikira kamera cha miyendo itatu) anabwereka alamu anga pa ukwati n'kuibweza mwendo umodzi ukugwedera, oyandikana nawo nyumba amasiya getsi lapanja usiku wonse, ndipo mayi a kunyumba akuti ndidzadwala chibayo ndi kuzizira kwa kuno. Ndichite chiyani?

Bambo wa ku Linthipe: Popanda star tracker, kachipangizo kotembenuza kamera kuti izitsatira nyenyezi, mukungotaya tulo, bwana. Dziko limazungulira madigiri 15 pa ola, ndiye kamera yongokhala pamodzi singatsatire thambo.

Mayi wa ku Lizulu: Simunanene kuti lenzi yanu ndi ya mamilimita angati, ndiponso mukutsegula kamera masekondi angati pa chithunzi chimodzi. Gawani 500 ndi mamilimitawo kuti mupeze masekondi amene nyenyezi sizituluka mizere: lenzi ya 50 isapitirire masekondi 10.

Bambo wa ku Linthipe: Amayi, lamulo limenelo ndi lachikale. Kuwala kwa mtambowu kumayenda zaka zoposa 7,000 kuti kufike kuno, ndiye inu mukufuna kukugwira m'masekondi 10?

Wina wa ku Lobi: Ine ndinadikirira Orion Nebula, mtambo wina wotere pafupi ndi nyenyezi za Akamwiniatsatana, Januwale yense, koma mitambo ya dzinja sinandilole. Pamene kunayera, mame anadzaza pa lenzi, zithunzi zonse mbuu.

Wa nthabwala: Mukapitiriza kuyendayenda m'munda wa mbatata pakati pa usiku, mudzakayankha kwa a mfumu.

Mayi wa ku Lizulu: Jambulani zithunzi zambiri za masekondi ochepa mwezi ukakhala kumdima, kenako muziphatikize ndi Siril kapena DeepSkyStacker, mapulogalamu aulere a pa kompyuta. Kufiirako kumachokera ku haidrojeni, ndipo makamera wamba ali ndi sefa imene imatchinga kwambiri kuwala kumeneko, choncho kumaoneka mukaphatikiza ndi kukonza pa kompyuta. Musachedwe, chifukwa pofika Ogasiti Carina imakhala itatsika madzulo, utsi wa moto wa mbewa nawonso utayamba.

Bambo wa ku Linthipe: Zaulere zimenezo sizingalowe m'malo mwa tracker. Yanga ndinaitanitsa ku Johannesburg, ndipo sindinadandaulepo.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Nkhani ya getsi ndaikamba kale ndi eni ake, koma akuti akuopa akuba nkhuku.

Mayi wa ku Lizulu: Nanga masekondi aja, achimwene?